A Justino Sananame

Tsangano,
9 Agosto 1992

Okondedwa achimwene a Avelino,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli amoyo ndi amphamvu, pamodzi ndi alamu a Sofia ndi ana, kumeneko ku kampu ya ku Dedza. Ndaipatsira mayi wina amene amakagulitsa mbatatesi ku Lizulu, ndiye mukaiona yathimbirira musandinene uve, yayenda m'thumba limodzi ndi malonda ake. Ife kuno tilipo. Mfuti zachepako miyezi iwiri ino, ndipo pa wailesi akuti akuluakulu akukambirana zoleka nkhondo, ngakhale zimenezo makutu athu anatopa nazo. Chilala ndiye chatipweteka, chimanga chinapsa chisanabereke, koma nyemba za kudimba zayesako. Ndamva kuti mukuphunzitsa ana pansi pa mtengo. Sindikukayika kuti ngakhale okhala kumbuyo kwenikweni akumva, pakuti mawu anu aja sanafunepo chokuzira.

Nkhani yoyamba ndi yakuti ndakafukula zitini zija. Mukukumbukira chaka cha 1986, titathawa ku Furancungo pa galimoto ya sinema n'kukafika kwathu ku Ntengo-Wambalame mafuta atatheratu, ine ndinakwirira makina ndi mafilimu onse m'dzenje losungiramo mbatatesi kumunda kwa amalume a Gaspar. Mwezi watha ndinalimba mtima, ndinatsatira anthu opita kukaona minda yawo, khasu lili paphewa. Mundawo unasanduka tchire, koma mtengo wa pichesi uja ulipo, ndipo ndinawerenga mapazi khumi ndi awiri kuchoka patsinde monga ndinachitira tsiku lija. Achimwene, nditatsegula chitini choyamba ndinalira ngati mwana. Filimu ya Mbuzi inamatana yonse, ikununkha ngati mowa wosasa. Ya Njinga chimodzimodzi. Ya Wozula Mano inangofumbutuka m'manja. Mwa mafilimu asanu ndi anayi a Belarmino Seixas amene tinkazungulira nawo Macanga ndi Tsangano, yapulumuka imodzi yokha. Musaseke. Ndi ya Mkamwini, imene inu munkati ndi yoipa kuposa zonse.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa dzenjelo, mtima n'kubwerera ku Furancungo, pakhonde la sitolo ya a Lucrécia, pamene tinkakumana Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, inu, ine ndi alamu athu a Justino, amuna a mlongo wathu Paulina. Amuna anzathu ankakangana za mpira ndi mitengo ya feteleza, ife tinkakangana za mzungu wa kutsidya kwa nyanja amene sitinamuonepo ngakhale pachithunzi. Akuti anapanga mafilimu oseketsa oposa makumi anayi, awiri pachaka, ndipo asanu ndi anayi athu aja Apwitikizi anawaiwala m'kalabu yawo pochoka. Filimu iliyonse munali bambo wonenepa yemwe uja, ndowa ya madzi yomwe ija, ndi munthu wobisala kunsi kwa bedi. Za filimu yabwino sitinkataya nthawi, tonse tinkadziwa kuti ndi ya Mbuzi. Chimene chinkatiumitsa kukhosi chinali kupeza yoipitsitsa.

Aliyense anali ndi muyeso wake. Inu, pokhala mphunzitsi, munkati filimu yoipa ndi imene m'mawa mwake simuona ana akuiyerekeza pabwalo la sukulu. A Justino, amene ankatiyendetsera galimoto, ankaima kumbuyo kwa anthu n'kumawerenga amayi amene akulunga mikeka yawo filimu isanathe. Ine wa makina ndinkangodana ndi imene inkaduka pafupipafupi, popeza matukwano onse ndi zitsononkho zinkagwera pamutu panga. A Justino ankati ya Njinga ndiyo yochititsa manyazi. Ndikuwamvabe akunena kuti, “Munthu kugwa panjinga kamodzi, tiseka. Kawiri, tiseka. Koma kakhumi ndi kamodzi? Ameneyo ndi wodwala, mupite naye kuchipatala.” Inu munkaiikira kumbuyo, mumvekere kugwa kulikonse kuli ndi kagwedwe kake, mpaka munadzuka pampando kuti mutionetse n'kutaya tiyi wa a Lucrécia, ndipo anakulipiritsani ndi kusesa khonde. Ya Wozula Mano ndiyo yokha tinagwirizana atatu tonse kuti Belarmino anaipanga akumva malungo. Ndimawasowa masiku amenewo, achimwene, kuposa mmene ndimasowera shuga.

Kenaka mu 1979 tinatulutsa ya Mkamwini, imene inali pansi penipeni m'bokosi la mafilimu. Inali ya mabobina anayi, magudumu aja okulungapo filimu. Mu bobina yoyamba mnyamata akufunsira mwana wa bambo wonenepa. Mu yachiwiri bamboyo wamwalira, ali m'bokosi, maliro ali m'kati. Mu yachitatu yemwe uja ali moyo, akudya nkhuku, akuthamangitsa mkamwini ndi ambulera, popanda ndi mmodzi yemwe wodabwa. Mu yachinayi akudzuka m'bokosi, ukwati n'kuchitika. Chokuzira mawu chathu chinkangothetheka, Chipwitikizi chake osamveka, ndiye anthu ankadalira inu, mutaima pambali pa nsalu yoonetserapo filimu, kuti muziwauza m'chinenero chathu zimene zikuchitika. Madzulo oyamba aja pabwalo la msika ndinakuonani mukukanda m'mutu. Kenaka munafuula kuti, “Taonani mzukwa uwo! Wabwerera kudzamaliza nkhuku yake!” Anthu anagubuduzika m'fumbi ndi phwete. Pambuyo pake munkanena kuti Belarmino anaipanga ataledzera, ndipo kuti mukanapanda kuipulumutsa ndi pakamwa panu anthu akanating'ambira nsalu.

A Justino okha sanaseke. Lamulungu lotsatira, pakhonde paja, anaika kapu pansi n'kunena modekha kuti, “Alamu, filimu ija ine ndinaionera ku Beira, nthawi imene ndinkaphunzira kuyendetsa. Mulibe mzukwa m'menemo. Mdala uja amayamba wathamangitsa mnyamata, ndiye kenaka amanamizira kufa kuti aone amene amulire zenizeni, ndipo wolira ndi mkamwini yekha. Imeneyo ndiyo yabwino kuposa zonse. Basílio wasokoneza mabobina.”

Ine ndinalumpha ngati ndapondedwa. Ndinathamangira zitini, ndinaziika patebulo, ndinaloza manambala a pamapepala omatidwa pazivundikiro, um, dois, três, quatro, ndipo ndinalumbira pali amayi athu kuti chiyambireni sindinasokonezepo ntchito ya boma. Inu munakhulupirira ine, mng'ono wanu. Munawaloza chala pamaso pa anthu onse n'kuti, “Mentiroso! Wabodza! Ku Beira munafikako liti inu? Munangomva fungo la nsomba pa Tete basi n'kubwerera.” Khonde lonse linafa ndi kuseka. Kuyambira tsiku limenelo anthu a pamsika ankawaitana kuti a Kubeira, ndipo munthu akakometsera nkhani pa bawo ankamuuza kuti za ku Beira izo. Pakhonde paja a Justino sanabwereponso. Galimoto ankayendetsa ndithu, koma inu mukakhala kutsogolo, ulendo wonse kunkangomveka injini.

Achimwene, tsopano ndilemba zoona. A Justino sananame. Kutatsala sabata kuti tionetse filimu imeneyi, galimoto inatitimira m'matope pochokera ku Tsangano, mvula inalowa m'bokosi, ndipo mapepala a zitini ziwiri anamatuka. Ndinawamatanso ndi phala la chinangwa mongoganizira, osauza munthu. Lolemba, mkangano uja utachitika dzulo lake, ndinadzitsekera m'chipinda cha makina, ndinatambasula poyambira pa bobina iliyonse n'kuyang'ana pawindo. Nambala yeniyeni imalembedwa pafilimu penipenipo, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. M'chitini chimene ndinamatapo dois, yachiwiri, munali três, yachitatu. Ndinakulunga bwinobwino n'kubwezera mmene zinalili.

Mundifunsa kuti ndinaopa chiyani. Ndinali nditalumbira pali amayi. Ndinaopa kusekedwa monga anasekedwera iwo. Komanso mzukwa wanu uja unali utayamba kutchuka, anthu akuyenda mitunda kudzakumvani, inu mukunyadira, ine ndikunyadira kuti ndine mng'ono wanu. Ndinadziuza kuti ndidzanena mwezi wamawa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinaonetsa filimu ija mosokoneza, ndikudziwa, a Justino ataima kumbuyo kwa anthu atapinda manja.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Nkhondo itatipezanso ku Ntengo-Wambalame, inu munatenga amayi kuti muwoloke nawo malire, ndipo munatuma ine kuti ndikauze Paulina ndi amuna ake akonzeke. Yankho limene ndinakubweretserani linali lakuti akubwera m'mbuyo. Yankho lenileni la a Justino linali lakuti, “Wabodza sayenda ndi aphunzitsi, angawasocheretse.” Paulina sakanasiya amuna ake. Amayi anamwalirira kumeneko osamuonanso mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo. M'makalata anu awiri aja munafunsa chifukwa chimene ine ndinatsalira, ndipo ndinakuyankhani kuti ndikulondera makina a boma. Ndinatsala chifukwa sindikanatha kuwasiya anthu amene ndinawatsekera njira ndine.

Tsopano a Justino akudwala. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira itangoyamba, ndipo atha thupi moti mukhoza kuwanyamula ndi dzanja limodzi. Kuchoka pamphasa kufika pakhomo amapuma kawiri. Nditabwera ndi zitini zija, ndinazungulira nyumba yawo masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinalowa, ndinagwada pambali pa mphasa, ndinatambasula bobina ija n'kuwaonetsa pa kuwala kolowera pakhomo. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Três,” anatero.

“Inde, alamu. Ndinaona Lolemba lomwe lija.”

Anandiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya. “Zoti unasokoneza ndinkadziwa,” anatero. “Chimene sindinkadziwa n'chakuti iwenso unkadziwa.”

Paulina anali akusankha nyemba pakhomo. Anaika lichero pansi n'kundifunsa kuti, “Basílio, ndiye kuti amayi anapita osandiona chifukwa cha phala la chinangwa?” Kuyambira tsiku limenelo sandilankhula. Chakudya changa amachiika pachitsa panja, ndipo ndikuona kuti akundichitira chifundo pondipatsa n'komwe.

Patapita sabata a Justino anandiitanitsa. Ndinapita ndikuyembekeza kutukwanidwa, koma anafunsa ngati makina akugwirabe ntchito. Ndinawauza kuti ndawapukuta, ndathira mafuta, ndipo babu silinapse. Anamwino a Rita, amene amabwera kudzawabaya jakisoni, ati akhoza kutipezera injini ya magetsi ya madzulo amodzi okha, osapitirira. Ndinati, “Alamu, ndiloleni ndikuonetsereni Loweruka lomwe lino, m'ndondomeko yake, ndiitane anthu onse ndiwauze ndi pakamwa panga kuti munkanena zoona.” Anapukusa mutu. “Popanda wofotokoza? Chokuzira chako chija chinachira liti? Iyayi. Tidikire aphunzitsi. Ndikufuna ndimve mmene adzaifotokozere mzukwa wawo atawalanda.” Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka za filimu chichokereni pakhonde la a Lucrécia.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, achimwene. Bwerani. Ndikudziwa kuti njira ndi yoopsa, ndipo alamu a Sofia adzati mng'ono wanu wapenga, kuitanira munthu m'dziko la nkhondo chifukwa cha bambo wonenepa ndi ambulera yake. Koma mayi wa mbatatesiyu amadutsa sabata iliyonse, amadziwa tinjira topanda mabomba okwirira, ndipo wavomera kuti mukamupeza ku Lizulu Lachisanu mubwerera naye. Musanyamule chilichonse. Mawu amene munawanenera a Justino munawanena chifukwa cha ine, ndipo mlandu wake ndausenza, koma anatuluka pakamwa panu, ndipo ine sindingathe kukubwezerani m'kamwa. A Rita anandikokera pambali dzana n'kundiuza kuti mvula yoyamba mwina sadzaiona. Tili mu Agosto.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, makamaka Angelina amene anachoka ali kumsana ndipo sandidziwa. Amalume a Gaspar akupereka moni, ati pichesi wawo akuberekabe ngakhale palibe womudya. Paulina ndinamuuza kuti ndikukulemberani. Anauza khoma, osati ine, kuti akupatsani moni, ndiponso kuti mudzamufotokozere pamene amayi anagona, ngati pali mtengo kapena mwala woti adzapazindikire.

A Justino ndinawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Anatembenukira kukhoma, ndipo ndinayesa agona. Ndili pakhomo kutuluka ndinamva akuti, “Moni ndidzawapatsa ndekha. Ungowauza kuti ya Njinga ikadali yoipa kuposa zonse. Ngati akutsutsa, abwere adzanene pamaso panga.”

Nsalu ndachapa kale, ndipo mabobina ndawabwezera iliyonse m'chitini chake.

Ndine mng'ono wanu amene anakunamizani,
Basílio