Njerwa zanga za utuchi

Loweruka, pakati pa Okutobala. Kwatentha chomene, ndipo ndapsa mtima.

Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, abwera kuchokera ku Jenda kudzaona nyumba ndikumangayi. Anyamula njerwa imodzi n'kupukusa mutu.

"Mulamu, izi n'zopepuka ngati chigumu. Zidzamwa mvula, khoma lidzagwera ana. Ndapota, gumulani."

Ndawauza kuti utuchi ndinasakaniza dala m'dothi. Unapsa mu uvuni n'kusiya timabowo totchinga kutentha. Ndawalowetsa m'chipinda chofolera kale dzuwa likuswa mtengo. Kuzizira akumva, koma sanavomere.

Madzi zimamwadi, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndipaka pulasitala mvula isanagwe. Koma kugumula ayi. Dothi ndinaponda ndekha iwo kulibe. Lolemba mmisiri akupitiriza khoma.