Mfundo zitatu m'chingwe cha makina

Lachinayi, Febuluwale 1991, kuno ku Malomo.

Makina otchetchera udzu amene azungu a mishoni anasiyira sukulu yathu anakana kutulutsa chingwe cha nayiloni chodulira udzu m'mawa. Akuluakulu a Chipani akubwera Loweruka, koma bwalo lonse ndi thengo. Injini imalira bwinobwino, koma ndikagunditsa mutu wake pansi, chingwe sichimatuluka.

Ndinatsegula mutuwo poganiza kuti nayiloni yamatana ndi kutentha monga imachitira. Sipuling'i inali m'malo mwake, koma chingwe anachikulunga chobwerera, n'kumanga mfundo zitatu. Mfundo sizidzimanga zokha.

Ndili mkati momasula, malume Yosefe anaima pakhomo, chikwakwa chili m'manja. Malume ndi mkulu wa mpingo, ndiponso ndiwo anandipezera ntchito ino yoyendetsa makinawa.

"Ndinamanga ndine, Laston," anatero motsitsa mawu. "Ahedi akuti makinawa akamayenda bwino, ife anayi a zikwakwa ntchito itha mwezi uno. Ana ndiwadyetsa chiyani?"

Awa ndi munthu amene amaima kutsogolo Lamulungu n'kumatilalikira za chilungamo.

Masana ahedi anandifunsa ngati wina anagwira makinawo. Anati wowononga zinthu sabata ya alendo a Chipani amupereka kwa a Yufi, anyamata ankhanza a Chipani. Ndinayankha kuti chingwe chinangopiringizika chokha. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanachoke.

Ndachikulunganso bwino, ndayesa, chikutuluka. Ndiye kuti mawa ndikaliza makinawo, wochotsa malume ntchito ndine. Ndikapanda kuliza, ahedi afunsanso, ndipo ine ndiyenera kunamanso kapena kutchula malume...