Kimika 7

Lolemba, 6 Fevereiro 2012
Ndapereka mapepala ku ofesi ya fakulidade. Kuchoka ku Biolojiya, kupita ku udokotala. Malo anayi, ofuna khumi ndi awiri. Mayi wa pawindo anayendetsa chala pa manota anga a mayeso, owerengera pa 20: 16, 17, 16. Chala chinaima pa chaka choyamba. Kimika 7, Fizika 8. "Izinso timawerengera, mwanangu." Ndinaseka. Mtima sunaseke.

Lachinayi, 9 Fevereiro
Kutentha. Fumbi la malole a malasha mpaka m'mano. Mu chapa, minibasi ya ku Mpadue, ndakumana ndi Luzia, mnzanga amene tinayamba naye mu 2009. Iye atapeza ntchito yophikira a kumgodi ku Moatize anakafufutitsa dzina mayeso asanafike. Chaka chimenecho kwa iye kulibe. Anabwerera, nkuyamba ndi pepala loyera. Nayenso akufuna udokotala. Sindikumuchitira nsanje. Bodza, ndikumuchitira.

Ine chaka chomwecho ndinagona miyezi isanu pansi, pambali pa bedi la Amayi kuchipatala. Ndinafuna kufufutitsa. Ababa anakana: "Tinathawa nkhondo kamodzi, basi. Mwana wa Venâncio sathawa mayeso." Ndinalemba. Amayi anapitabe. 7 anatsala.

Lachisanu, 17 Fevereiro
Ndapititsa kalata yofotokoza, pamodzi ndi chikalata cha imfa. Bambo wa mu ofesi anawerenga mwaulemu ndithu. "Mukanafufutitsa nthawi yomweyo." Pa fomu palibe mzere wa chifukwa. Chikundiwawa: mtima wa udokotala ndinautola mu wodi momwemo, posintha nsalu za Amayi. Wodi yomweyo ikunditsekera khomo.

Lachiwiri, 28 Fevereiro
Mayina akhomedwa pakhoma. Luzia wachitatu. Leopoldina, ine, wachisanu. Ndamukumbatira. Ndayenda wapansi mpaka kwathu ku Chimadzi, sindinafune maso a anthu mu chapa.

Lachinayi, 1 Março
Ababa lero abwera ndi kapepala ka masiku a mayeso olowera ku yunivesite, a Janeiro. Akafunsa okha, ndi Chipwitikizi chawo chothyokathyoka. Kuyambira pansi, zaka zisanu ndi chimodzi, manota akale osawerengedwa. Ndikakhoza, ndidzamaliza ndili ndi zaka makumi atatu.

Anati, maso ali pansi: "Tikanapanda kuthawira ku Malawi iwe sukanabadwa. Ndinaiwala, Dina. Ndinakulakwira." Sindinawamvepo akupepesa munthu.

Ndatulutsa buku la Kimika m'katoni. Pa tsamba loyamba banga la phala la Amayi likadalipo. Ndayambira pomwepo.