Ukufuna Ndilumbire Kuti Ndine Ireen

Golomoti,
Dedza.
11 Febuluwale, 2025.

Wokondedwa mng'ono wanga Ireen,

Dzina limeneli ndalemba dala. Ndikudziwa kuti ku Lilongweko palibe amene amakuitana choncho, koma ine ndinalipo tsiku limene unabatizidwa ku Mua, ndipo ndinamva ndi makutu angawa dzina limene unapatsidwa.

Moni. Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi anzako akuntchito. Kuno tiliko. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, sabata yatha ndinapita nawo kuchipatala pa kabaza ndipo anawasinthira mankhwala. Alamu ako a Mathews ali bwino, Lovemore ndi Vanessa akupita kusukulu. Mvula yagwa mokwanira, mpunga tinawokera kale ndipo pano tili pa kupalira. Za moyo zathera pamenepa. Tsopano pezeratu pokhala, chifukwa mtima wanga wawira.

Amalume a Tobias anafika kuno Lamulungu titangoweruka kutchalitchi, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, envulopu ili kukhwapa. Anatiuza kuti wapeza mwayi wa sukulu ku Japan, ukaphunzire zaka ziwiri za ulimi wa mpunga wothirira. Ndinalulutira, Ireen, mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Amayi analira ndi chimwemwe. Amalume anati chatsala ndi viza yokha, ndipo a ku ofesi ya kazembe akupatsa Lolemba likubwerali kuti ukapereke mapepala ako onse. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti pali kapepala kamodzi kofuna chala changa, tikangodinda ku Dedza pamaso pa majisitireti, basi nkhani yatha.

Ndinawafunsa kuti kapepalako kakuti chiyani. Anayang'ana kudenga n'kuyankha kuti ndi zachingerezi chabe, kuchitira umboni kuti ndiwedi m'bale wanga. Amalume akamanama amapukuta magalasi awo, ukudziwa iwenso. Anawapukuta katatu. Ndinati alisiye pepalalo ligone kwanga.

Dzulo ndinapita nalo kumsika kwa Rahema, mnzanga uja amagulitsa usipa pafupi ndi pokwerera minibasi. Iye anafika Fomu 4. Analiwerenga kawiri, n'kundiyang'ana ngati munthu wodzalengeza maliro. Kenaka anandimasulira mzere ndi mzere.

Pepala lako likuti ine ndine Ireen Kamtedza, wobadwa mu 1995. Likuti ndikulumbira kuti dzina la Tereza ndinalitenga molakwitsa polembetsa chiphaso cha unzika, ndipo mwini wake weniweni ndi iweyo. Molakwitsa! Ine? Dzina limene ndakhala nalo zaka makumi atatu ndi zinayi?

Nditabwerera kunyumba ndinawapanikiza amalume mpaka analavula zonse. Akuti a viza akufuna setifiketi ya kubadwa yogwirizana ndi pasipoti yako. Utapita kukaitenga, kompyuta inatulutsa a Tereza Kamtedza awiri, mayi mmodzi, mudzi umodzi, tsiku lobadwa limodzi. Anakuuza kuti sangalembe kanthu mpaka mmodzi wa awiriwo atachoka pa dzinalo. Ndiye iwe unakhala pansi muofesi yako yozizira ija n'kusankha kuti wochokayo ndikhale ine.

Chimene chandiwawa kwambiri si chimenecho ayi. Amalume akuti unawauza kuti asavutike kundifotokozera, achemwali sawerenga, angodinda chala. Ireen, unanenadi mawu amenewa? Kalata ukuwerengayi walemba ndani? Chingerezi chinandidutsadi, sindikana, koma mutu wanga sunawole. Cholembera ndimachigwira, ndipo amene anakuphunzitsa iwe kuchigwira, pakhonde pa agogo paja, ndine.

Popeza waiwala mmene dzinali linafikira kwa iwe, ndikukumbutse.

Ine ndinasiya sukulu ndili Sitandade 7. Sindinalephere, sindinatenge mimba. Abambo atangolandira puloti ku sikimu ya Bwanje anati pakufunika munthu woingitsa mbalame, ndipo munthuyo ndinali ine. Anati ndidzabwerera tikakolola. Tinakolola, tinadzalanso, tinakololanso, ine ndikadali m'matope ndi chitini cha miyala m'manja. Dzina langa lokha ndi limene linatsala m'kaundula wa kusukulu.

Iwe utalemba mayeso a Sitandade 8 koyamba sunasankhidwe. Unalira sabata yonse osadya. Mphunzitsi wina anawanong'oneza abambo kuti obwereza sawasankha kawirikawiri, koma pali njira imene aliyense akuchita: mwana alembe ndi dzina lina ngati akulemba koyamba. Anati dzina la mkulu wake likadali m'buku, lingogwiritsidwa ntchito. Abambo anavomera, amayi anavomera, amalume a Tobias omwewa anavomera. Ine palibe anandifunsa. Ndinangomva Vanessa wa a Bizeki, uja tinatchulira mwana wanga, akundiseka pachitsime kuti Tereza wabwerera kusukulu ndi mimba yake, poti nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa kale, ndili ndi pakati pa Lovemore.

Unakhoza, unasankhidwa. Tsiku limene anapachika mayina pasukulu, anthu ankandiyamikira mwachipongwe panjira kuti zikomo a Tereza, mwatichotsa manyazi. Ndinkaseka nawo. Kumunda ndi kumene ndinkalira.

Kuyambira pamenepo dzina langa lakhala likukwera, ine ndili pansi. Linapita ku sekondale, linapita ku koleji, linalembedwa ntchito, tsopano likufuna kukwera ndege. Sindinakutsekereze njira ngakhale tsiku limodzi. Mpunga umene unkanyamula popita kusukulu unkachoka m'manja mwangamu, ndipo sindikunena izi kuti undibwezere. Ndinkaganiza kuti ndakubwereka chitenje chopitira kuukwati. Sindinadziwe kuti udzabwera kudzandivula ndi chimene ndavala chomwe.

Kodi unaganizapo kuti pepala lakoli lindichita chiyani kuno? Kapena unangoona Lolemba lako basi?

Puloti ya ku sikimu, abambo atamwalira, inalembedwa m'dzina la Tereza Kamtedza. Ukwati wanga ndi alamu ako unalembedwa m'buku la parishi m'dzina la Tereza. Makadi a ubatizo a ana anga akuti mayi wawo ndi Tereza. Ndikalumbira kuti ndine Ireen, ndiye kuti a Mathews anakwatira iwe, ana awa ndi ako, ndipo puloti ija ndi ya munthu amene ali ku Japan. Komanso tawerengera zaka. Ndikakhala wobadwa mu 1995, ndiye kuti Lovemore ndinamubereka ndili kamtsikana ka zaka khumi ndi zinayi. Alamu ako atamva zimenezi anadzuka pampando n'kufunsa ngati ukufuna kuti apolisi adzawatenge ukalamba uno. Amalume anaseka, koma anaseka okha.

Amayi ali mbali yako, monga mwa nthawi zonse. Akuti ndisaumitse mtima, kunyumba kuno azindiitanabe Tereza, za m'mapepala ndi za boma. Ndinawafunsa kuti ngati za m'mapepala zilibe kanthu, bwanji usasinthe ndiwe. Anangoyamba kusisita bondo lawo. Ndinadzimvera chisoni chifukwa chowakalipira munthu wodwala, ndipo mlandu umenewunso ndauika pa iwe.

Rahema akuti njira yoona ilipo. Ukhoza kukalumbira ndiwe kuti unabadwa Ireen ndipo unaphunzira ndi dzina la mkulu wako, n'kupempha kuti akonze mapepala ako. Amalume akuti njira imeneyo unaiona kale, koma ndi ya miyezi yambiri, malo ako ku Japan apatsidwa wina, ndipo ukuopa kuti angayambe kufunsa za masetifiketi ako onse. Ndamva. Sindine mwana. Mantha ako ndikuwamvetsa. Chimene sindikumvetsa n'chakuti unalephera bwanji kukwera minibasi n'kudzandiuza mantha amenewo ndi pakamwa pako. Maulendo a ntchito umadutsa pa Golomoti pompano pa galimoto ya ofesi, galasi lili lotseka. Anthu amakuona, amadzandiuza.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ndipo ndikuuza lero chifukwa ukali wandimasula pakamwa.

Tsiku lija unkalandira digiri, unatiitana ine ndi amayi. Ndinasoketsa diresi yatsopano. Tinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Munthu wa pa maikolofoni atafuula kuti Tereza Kamtedza, ine ndinaimirira. Miyendo inangodzuka yokha, Ireen. Ndinaponya phazi limodzi kutsogolo amayi asanandikoke diresi. Mayi wina amene anali pafupi anaganiza kuti ndi chimwemwe chabe, koma ine ndikudziwa kuti kwa kamphindi kameneko ndinakhulupirira kuti akuitana ine, kuti mwina Mulungu wakumbukira Sitandade 7 yanga ija.

Mwambo utatha unabwera ndi anzako. Amayi unawatchula bwinobwino. Utafika pa ine unangoti awa ndi achemwali akumudzi, n'kudumphira nkhani ina msangamsanga kuti wina asafunse dzina. Ndinabwerera ndi mutu wopweteka ulendo wonse. Komabe chithunzi chako cha tsiku limenelo chili pakhoma panga, ndipo aliyense wolowa m'nyumba muno ndimamuonetsa. Ndimakunyadira ndipo ndimakukwiyira, zonse ziwiri, ndipo sindidziwa kuti chachikulu n'chiti.

Lero m'mawa ndinapita kwa a Bizeki, poti ndiwo mlembi wa komiti ya chigawo chathu ku sikimu. Ndinawafunsa kuti zingatani dzina la pa chiphaso changa litasintha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa nkhani ya dzinali akuidziwa kuyambira pachiyambi. Anati iwo akudziwa amene amapalira puloti ija, ndipo adzandiimira, koma sangalonjeze za komiti yonse, poti pali anthu ambiri amene maso awo ali pa mapuloti a pafupi ndi ngalande yaikulu. Ukudziwa chifukwa chake ndinapita kukafunsa? Munthu amene wakaniratu sapita kukafunsa. Ndadzikwiyira ndekha njira yonse yobwerera.

Alamu ako akuti ndisayerekeze. Akuti wadya zokwanira za m'nyumba muno. Ine ndawauza kuti nkhaniyi ndi ya ana a mayi mmodzi, andisiye ndiione ndekha. Sanandilankhule kuyambira masana.

Ndiye tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Amalume akubwerera mawa ndi kalata ino, pepala lako likutsala kuno pansi pa matiresi. Usatumenso munthu. Usandiimbire foni, chifukwa pa foni umandidula mawu n'kunamizira netiweki. Pempha tchuthi, ukwere minibasi, ufike pano Lachinayi dzuwa lisanalowe. Udzakhale pamphasa pamaso pa amayi, pa alamu ako ndi pa ana anga. Udzawauze Lovemore ndi Vanessa kuti dzina limene lili pa masetifiketi ako ndi la mayi awo, ndi kuti mayi awo sanasiye sukulu chifukwa cha umbuli. Ana amenewa amaganiza kuti iwe, mayi awo aang'ono, ndiwe wekha unabadwa ndi nzeru. Kenaka udzandiyang'ane m'maso, unditchule dzina langa, n'kundipempha.

Ukatero, Lachisanu m'mamawa tikwera limodzi msewu wa Khwekhwerere kupita ku Dedza. Ndikakweza dzanja pamaso pa majisitireti n'kunena bodza lako, ndipo tchimo limenelo ndikaulula kwa bambo mfumu ndekha. Ndichita zimenezi chifukwa sindifuna kuti mwana winanso wa amayi atsale pakhomo sukulu ikumuitana. Ndikudziwa mmene zimawawira.

Ukapanda kubwera, pepalali ndikamupatsa Rahema akulungire usipa, ndipo Lolemba ukawafotokozere a kazembe wekha kuti ndiwe yani.

Ambuye akusunge ndipo akuyendetse bwino pamsewu, ngakhale wandipsetsa mtima chotere. Undiperekere moni kwa azakhali ku Kawale ndi ana onse. Amayi akuti ubwere ndi mafuta opaka m'mawondo aja. Ana akupereka moni, sakudziwa kanthu.

Ndine mkulu wako,

Tereza Kamtedza.

Dzinali ndalilemba lonse ndi dzanja langa, chifukwa ukabwera Lachinayi, kano n'komaliza kulilemba.