Mzere wofiira pa msewu wa Mfuwe

LACHINAYI

Oliver 07:52
malume Yotam mwakwera? thupi la amayi lili m'nyumba, kutentha kwa October uku mukukudziwa. akulu akuti Rosina saikidwa mlongo wake asanafike, koma ndiwapatse nthawi

Yotam 07:58
Ndakwera mphwanga. basi yatuluka pa station koma taima pa Great East Road, Lusaka sakufuna kundimasula. oyenda pansi akutipitirira. wogulitsa ma charger wadutsa kawiri, tsopano tikupatsana moni

Luyando 08:03
agogo jam imeneyo ndikuiona pa kompyuta ya ku ntchito, ndi zomwe timayeza tsiku lonse. 50 min mpaka roundabout ya ku airport, kenako msewu uli free

Luyando 08:04
chipata 17hrs, mfuwe 20hrs. ankolo Oliver auzeni akulu kuti mawa 10hrs. agogo agona komweko lero

Oliver 08:04
sure?

Luyando 08:05
sure ndithu. pepani ine andikaniza leave 😢

Oliver 08:11
ok ndawauza. okumba manda ayamba mmawa kusanatenthe

Yotam 10:36
🎤 0:48
Tadutsa Chongwe. Ndakhala ndi bambo wina wa ku Sinda, akuti anagulitsa ng'ombe zake kuti akaone nyanja ya mchere, atafika anapeza kuti madzi ndi madzi basi. Rosina akanaseka, akanati mwapeza mnzanu achimwene. Nkhani zanga zonse ndinkakatula pakhonde pake, iye akusenda mtedza. Iyi ndikatula kwa yani?

Luyando 13:15
muli pa bridge ya luangwa eti? mwachedwa ndi 20 min chabe, zili bho

Oliver 14:40
malume mwafika pati

Oliver 15:22
malume

Luyando 15:30
foni ikulira koma sakuyankha

Yotam 15:51
ana anga basi yandisiya

Oliver 15:51
yakusiyani bwanji??

Yotam 15:58
tinatsika pa bridge kugula nsomba zouma. wogulitsayo anayamba kundiuza mmene ng'ona inamlandira ukonde ndi mwendo wa mng'ono wake tsiku limodzi. ananditengera kuseri kwa shedi kuti ndimuone mng'onoyo. hutala sindinaimve. chikwama chapita, jekete ya maliro ili momwemo

Oliver 16:00
🎤 0:19
Malume, mlongo wanu wagona pamphasa pano, inu mukusaka nkhani za ng'ona? Ng'ona kuno kulibe? Ndikawauza chiyani akulu?

Yotam 16:09
usawauze kanthu. ndikubwera

Yotam 17:44
ndapeza lole ya simenti. ikukwera mapiri ngati nkhalamba inzanga. Luyando yeza

Luyando 17:47
ma truck olemera sitimawayeza bwino agogo. mwina chipata mbandakucha. mukakwera minibus ya 6 mufika 08:30. 10hrs ikadali yotheka

LACHISANU

Yotam 06:12
mwadzuka bwanji. ndili Chipata, ndakhala kale mu minibus ya Mfuwe, mpando wa pawindo. tatsala anthu asanu kuti idzaze

Luyando 06:14
👍 2hrs 15 basi

Yotam 07:30
tatsala atatu. awiri amene anali kutsogolo aja si apaulendo, kondakitala anawakhazika kuti tizioneka ambiri. atsika

Yotam 08:41
mdzukulu wanga, kompyuta yako imayezanso kudikira kuti galimoto idzaze?

Luyando 08:43
ayi agogo. imayamba kuwerenga matayala akayamba kuzungulira

Oliver 09:05
azimayi atuluka m'nyumba, sakuthanso kukhalamo. mukundimva zomwe ndikunena

Yotam 09:07
ndikumva. auze adikire pang'ono. ndine ndiyenera kuponya dothi loyamba

Oliver 09:50
abusa afika. akufunsa

Yotam 10:02
tanyamuka! auze tanyamuka

Luyando 10:03
12:20 ankolo, pls

Oliver 10:04
dzulo unati 20hrs

Yotam 10:58
taima, akukweza matumba a chimanga

Yotam 11:35
tadutsa Jumbe. Oliver?

Yotam 11:52
Oliver mphwanga yankha

Luyando 12:31
agogo mwaima? pa screen pano msewu wa mfuwe wafiira, pafupi ndi mphambano ya ku nsefu. wofiira ndiye jam. chiyambire ntchito sindinaonepo jam kumeneko. njovu?

Yotam 12:34
taima ndithu. kutsogolo kuli magalimoto a ma lodge anayi, azungu ali chete pamwamba. apanjinga atsika akukankha. driver wathimitsa wailesi, wavula kapusi

Luyando 12:35
ndi iwo agogo! ndi maliro athu, tsikani muthamange mukawapeza

Yotam 12:39
si njovu. ndi anthu, adzaza msewu wonse. amvano ali kutsogolo ndi yunifolomu zawo

Luyando 12:39
tsikani!!

Yotam 12:42
bokosi palibe Luyando. akuchokera ku manda. makasu ali ndi dothi

Luyando 12:43
mayo

Luyando 12:46
agogo pepani. ndikanati maliro akhale 14hrs

Yotam 12:50
🎤 0:36
Usadzivute. Mayi amene ndakhala naye pano akuwadziwa malemu, ankagula mtedza kwa iwo. Akundiuza kuti anali munthu wabwino, koma anali ndi mlongo wake wosakhazikika, mwendo m'njira chaka chonse, mwina mpaka pano sanamve n'komwe. Akusimba bwino ndithu. Sindinamudule.

Oliver 12:57
ndakuonani pa windo malume. dothi loyamba ndaponya ine. tsikani, anthu akupita kukasamba m'manja kunyumba

Oliver 13:04
malume minibus ikunyamuka

Luyando 13:06
msewu wayera. agogo mwatsika?

Oliver 13:11
sanatsike