Malangizo Omata Pulasitiki

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku lozizira, lonyozetsa.

Ine, mwini digiri, ndikupereka dandaulo. Sabata yonse ndakhala ndikupanga kapulogalamu koti ana a Fomu 4 akalemba "tsegula" pa kompyuta, pulogalamu imene akufuna izitseguka. Dzulo ndinapatsa a Chimbalanga, aphunzitsi anzanga, malangizo osamaliza kuti angowerenga. Iwo anathamanga nawo ku Mayani, kukamatitsa pulasitiki, n'kukhoma pakhoma! Mzere wachitatu ngolakwika, ukautsatira palibe chimene chimatseguka.

Nditawauza, akuti, "Achimwene, pepala lomata silisinthika. Sinthani pulogalamu yanuyo igwirizane nalo."

Ana akuyesa mawa, ndiye ndasinthadi. Cholakwika chija tsopano ndi lamulo. A Chimbalanga andilipire matumba awiri a mbatata ya ku Kaphuka, yosendasenda, ndipo digiri yanga aimatenso pulasitiki.