Tsiku la Ukwati ndi Mabotolo a Pansi pa Nyanja

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuvutabe? Achimwene anandiuza kuti mukumapondabe makina osokera mpaka dzuwa kulowa, ngati adokotala aja ankalankhula ndi khoma. Ine kuno ndili bwino. Mkamwini wanunso ali bwino, kungoti wayamba kunenepa ukwati usanachitike n'komwe.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani. Pafoni mukanandidula mawu ndisanafike pakati. Ndiye khalani pansi, muvale magalasi, muwerenge mpaka kumapeto musanaitane aliyense.

Mumandiseka kuti munanditumiza kusukulu zaka zonsezi kuti ndizikatola zinyalala za m'nyanja. Sindikukana, ndi zinyalala ndithu, koma lero mumve ntchito yake. Pamwamba pa nyanja yamchere pali tizomera tosaoneka ndi maso. Timeneti timayamwa mpweya wa kaboni, uja wochokera ku utsi wa magalimoto ndi mafakitale, umene ukutenthetsa dziko. Tizilombo ta m'madzi timadya tizomerato n'kuchita chimbudzi, tina timafa, ndipo zonsezi zimamatirirana n'kuyamba kumira pang'onopang'ono. Mukaziona pa kamera zimangokhala ngati tiulusi timene timagwa pansi pa tebulo lanu mukamadula nsalu.

Zambiri zimadyedwa panjira, kaboniyo osapita patali. Koma zimene zafika pansi penipeni, kumdima, zimakamusunga kaboniyo zaka mazanamazana osabwereranso mumlengalenga. Funso lathu ndi lakuti zofikazo n'zochuluka bwanji, ndipo digiri yanga yagona pamenepo.

Chaka chatha tinamiza msampha. Ndi chifanelo chachikulu, chachitali kuposa ine, ndipo kunsi kwake kuli mabotolo osinthana okha: lina likalandira za nthawi yake limachoka, linzake n'kulowa m'malo. Chili pa chingwe, kumwamba kuli mipira yoyandama, pansi chitsulo cholemera. Tikapita kukachitenga, sitima imatumiza kaphokoso m'madzi, ngowe n'kumasuka, msampha n'kuyandama wokha. Koma ngoweyo imamva ndi batire, ndipo batire ili pafupi kutha. Ikangofa tidzaitana mpaka kusasa mawu, mabotolo anga n'kukhala komweko mpaka kalekale.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Sitima imene tinkadalira inafa injini, ndipo mu labu mwathu munali ngati pamaliro. Ndiye Lachiwiri lapitali aphunzitsi anga analandira uthenga woti sitima ina yatipatsa malo. Iwo sangapite, ndi oyembekezera ndipo masiku ayandikira, komanso pa msampha umenewu tilipo awiri okha. Anandiuza kuti ndikonzeke. Amayi, ndinavina pakati pa mafiriji, jasi yoyera ili m'thupi, mpaka a chipinda china anabwera kudzasuzumira.

Ndinathamangira kushopu kwa mkamwini wanu. Ndinamupeza atawerama kuseri kwa firiji ya kasitomala, mawaya ali mbwee pansi. Ndinamuuza zonse osapuma, ndi masiku omwe, lonyamuka ndi lobwerera. Anaika sikuludiraiva pansi. Kenako anandifunsa mofatsa ngati panalibe kanthu kena kamene ndinkayenera kuchita pakati pa masiku amenewo.

Ndinayankha kuti palibe. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinaganizira za mayeso, ndinaganizira za dokotala wa mano, n'kubwereza kuti palibe ndithu. Pamenepo analoza khadi lathu la ukwati, limene analimata yekha pakhoma pamwamba pa tebulo lake.

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Mkwatibwi wanji woiwala ukwati wake chifukwa cha chimbudzi cha tizilombo? Iye anaseka mpaka kugwetsa misozi. Kasitomala uja, bambo wachikulire wosatidziwa n'komwe, anamulangiza kuti andimange ndi chingwe kumpando mpaka tsikulo lifike.

Koma ine kuseka kunandithera msanga. Ndikudziwa chimene munasankhira tsiku limeneli. Ndi tsiku limene munakwatirana ndi malemu abambo, ndipo munati popeza iwo sadzakhalapo kuti andiperekeze, tsiku lawo lidzandiperekeza. Mawu amenewo sindinawaiwale, chimwemwe ndi chimene chinanditseka m'maso. Ndikudziwanso kuti holo mwagwira kale, diresi mwayamba kusoka, ndipo azakhali aitana theka la dziko.

Ndinamuuza mkamwini wanu kuti basi, mabotolo atsale, digiri ndidzayambiranso, sindingakukhumudwitseni. Anakana. Anati sakufuna mkazi amene azidzadula keke mtima uli pansi pa nyanja. Ndinati ndiye tisunthe ukwati ndi mwezi umodzi, amayi alira koma atonthola. Anakananso. Anati tsiku la apongozi ake si loti munthu alisunthe.

Ndinapsa mtima n'kumufunsa ngati akufuna ndidzidule pakati, theka kusitima, theka kuholo. Anapukuta manja pa ovolosi yake, n'kunena kuti tsikulo limabwera chaka chilichonse. Anati tisiye tsiku ndi mwezi mmene zilili, tisinthe chaka chokha, iye adikira. Anawonjezera kuti makadi akonza yekha ndi cholembera, poti ndi nambala imodzi yokha.

Ndinalira mushopumo, kasitomala akuona. Uyu ndi munthu amene wagula kale makatani a nyumba yathu, amene amayesa suti yake Lamlungu lililonse kuti aone ngati ikumukwanabe. Lero akudzipereka kudikira chaka china chathunthu kuti inu musataye chanu, inenso ndisataye changa. Ndinkadziwa kuti ndimamukonda, koma sindinkadziwa kuti ndatola munthu wotere.

Pempho langa ndi limeneli, Amayi: tiloleni. Dzina langa sindinalipereke kusitima, ndikudikira mawu anu, ndipo akufuna yankho mwezi uno usanathe. Mukati ayi, ndikhala, ndidzavala diresi yanu ndipo simudzamva ndikung'ung'udza. Mukati inde, azakhali ndikawauza ndekha, ndipo mawu onse amene atuluke pakamwa pawo ndidzawasenza ine.

Mukamaliza kuwerenga mundiimbire foni. Mukhoza kuyamba ndi kundikalipira, ndakonzeka, bola yankho libwere kumapeto.

Mundiperekere moni kwa achimwene, alamu ndi ana onse. Azakhali moni wanga muwasungire kaye mpaka titalankhulana. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo bondolo mulipumitseko.

Ndine mwana wanu chitsirizira,
mkwatibwi wa chaka chamawa, inu mukalola.